NJINGA YAMOTO IMENE INGAOLOKE ULALO WA KAFUE M'MASEKONDI OSAKWANA ATATU

Ulalo wa njanji umene uli pa mtsinje wa Kafue unamangidwa m'caka ca 1906, ndipo utali wake ndi mamita 427. Munthu woyenda pansi angaumalize m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Sitima ya katundu nayonso imatenga kanthawi ndithu pamenepo, kotero kuti msodzi amene ali m'bwato kunsi amawerenga mabogi onse mosavuta. Koma kunja kuno kuli njinga yamoto imene mtunda wotere ingaumeze m'masekondi awiri ndi theka cabe.

Dzina la njingayo ndi Ack Attack. Pa 25 September 2010 munthu wina wa ku America, Bambo Rocky Robinson, anaithamangitsa pa cigwa ca mcere ca Bonneville, m'dera la Utah, ndipo oyesa liwiro analemba makilomita 605.697 pa ola limodzi. Bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto pa dziko lonse, locedwa mwacidule FIM, linavomereza kuti ndilo liwiro lopambana onse, ndipo zinapita zaka zoposa khumi popanda wolilanda. Pa liwiro lotere ulendo wa makilomita 44 wocokera ku Kafue kupita ku Lusaka ungathe mphindi zisanu zisanakwane, madzi a nsima asanafunde n'komwe.

Nkhaniyi siili kutali ndi anthu a ku Kafue monga ionekera. Njinga zamoto, zimene akuluakulu amati mthuthuthu ndipo ambiri amangoti honda ngakhale zikhale za kampani ina, zaculuka m'matauni ndi m'midzi momwe. Kale inali njinga ya mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo ndi wansembe. Lero imanyamula nsomba za ku Chanyanya, matumba a feteleza ndi odwala opita ku cipatala. Tsono pamene pali anyamata ndi njinga, mkangano wakuti yothamanga koposa ndi ya yani sucedwa kubuka, ndipo ena amakathetsera mkanganowo pa mseu waukulu, pakati pa malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Iwo amayesa kuti liwiro ndi nkhani ya kuuma mtima ndi kupotoza dzanja lamanja. Akatswiri enieni a masewerawa amadziwa kuti kuthamanga kwa masekondi owerengeka kumadya miyezi ndi zaka za nchito, njinga ili ciimire.

MPIKISANO WOPANDA MNZAKO PAMBALI

Mpikisano umenewu ngwosiyana ndi ija ya njinga zakapalasa ya pa tsiku la ufulu, pamene onse amanyamuka pamodzi. Kuno munthu amathamanga yekha, ndipo wolimbana naye ndi koloko. Pakati pa bwalo amayesa mtunda wa kilomita imodzi kapena mailo imodzi, naika makina oona nthawi poyambira ndi pothera. Wokwera amayambira kutali kuti akafike pa mtunda woyesedwawo njinga itatsegula kale mphamvu zake zonse.

Akadutsa kamodzi nchito siinathe. Malamulo a FIM amati abwererenso njira yomweyo, kuloza kumene anacokera, maola awiri asanathe. Oyesa amaphatikiza maulendo awiriwo ndi kutenga capakati. Cifukwa cake ncoonekeratu: mphepo imene inamkankha popita idzamletsa pobwera, ndipo ngati panali kamtsetse, pobwera padzakhala kacitunda. Ambiri athamangapo koopsa ulendo woyamba, koma injini n'kukana pobwerera, napita kwao opanda kanthu. Pomaliza akuluakulu amayesa kukula kwa injini kuti aone ngati mwini wake sananame, pakuti njinga zimaikidwa m'magulu monga mwa ukulu wa injini zao. Ngakhale tinjinga ta 50cc ndi ta 125cc, tonga timene tikuoneka pa msika wa Kafue, tili ndi gulu laolao ndi liwiro lake lolembedwa m'buku, limene amati rekodi.

MDANI WAMKULU NDI MPHEPO

Ali yense amene anapalasapo njinga moyang'anana ndi mphepo ya mu August adziwa kuti mpweya, ngakhale suoneka, uli ndi mphamvu. Cimene ambiri sadziwa ndi m'mene mphamvuyo imakulira. Munthu akawirikiza liwiro kawiri, mphepo imamkankha kanayi, ndipo injini iyenera kukhala ndi mphamvu zowirikiza kasanu ndi katatu kuti ipyole. Motero kanjinga kamene kamafika makilomita 100 pa ola sikangafike 200 mwa kungocotsa sailensa kapena kuboola paipi ya utsi, monga acitira anyamata ena. Amenewo amaonjezera phokoso ndi kudzutsa ana a eni ake usiku, koma liwiro limakhala lomwe lija.

Ndiye cifukwa cake akatswiri amayamba ndi kucepetsa malo amene mphepo ingagwire. Pa 13 September 1948 Bambo Rollie Free, ali pa njinga ya Vincent ku Bonneville, anaona kuti zovala zao zacikopa zinali kukupiza ndi kung'ambika ndi mphepo. Anavula, natsala ndi kakabudula kosambira, kacipewa ka m'madzi ndi nsapato zobwereka. Anagona cafufumimba pamwamba pa njinga, miyendo itatambalala kumbuyo, nafika makilomita pafupifupi 242 pa ola, liwiro limene linali lisanalembedwepo pa njinga yamoto m'America. Cithunzi ca tsikulo ncochuka mpaka lero, koma malamulo a masiku ano sangalole munthu kucita misala yotere.

Kufupi kuno kunalinso katswiri wake. Bambo Ray Amm anabadwira ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, m'caka ca 1927. Mu November 1953, caka cimene citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba, iwo anazungulira bwalo la Montlhéry ku France kwa ola lathunthu, nayenda makilomita 215, mtunda umene panalibe njinga inauyendapo m'ola limodzi. Njinga yao ya Norton inali yokutidwa ndi cigoba, ndipo sanali kukhalapo koma kugwadapo, kuti msana utsike. Anafera pa ngozi ya mpikisano ku Imola, m'dziko la Italy, mu 1955. Masiku amenewo masewera otere anali a Azungu andalama. Munthu wakuda amene anali ndi njinga yakapalasa anali kale mfumu pa mudzi.

Ack Attack yapitirira zonsezi, kotero kuti munthu woiona koyamba sangaiche njinga. Ndi cinthu cacitali mamita asanu ndi limodzi, cobulungira kumutu ndi cosongoka kumcira monga mlamba, ndipo wokwera amagona cagada m'kati mwake atamangidwa malamba. Mwini wake, Bambo Mike Akatiff, anaikamo injini ziwiri za Suzuki Hayabusa, iri yonse ya 1,299cc, pamodzi ndi cipangizo copopera mpweya wambiri m'injini. Imachedwabe njinga cifukwa magudumu ake ndi awiri basi.

ZIMENE MAKANIKA AMAYANG'ANA

Pali cinthu cimodzi cimene makanika wa ku Kafue angacimve msanga kuposa anzake a m'mbali mwa nyanja yamcere. Cigwa ca Bonneville cili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, cimodzimodzi ndi mzinda wa Lusaka. Pa malo okwera cotere mpweya ngwopepuka. Ubwino wake ngwakuti mphepo yokankha njinga imacepako. Kuipa kwake nkwakuti injini nayo imapuma mopereŵera, ndipo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mphamvu zake.

Pamenepa mpamene luso la kabureta limaonekera. Mpweya ukacepa, petulo nayenso ayenera kucepetsedwa mwa kuika jeti yaing'ono, apo ai injini imatsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda. Koma akacepetsa mopitirira, moto wa m'kati umatentha kwambiri mpaka kuboola pisitoni. Amakanika amamasula pulagi akangotha ulendo uli wonse ndi kuyang'ana mtundu wake: yakuda ngati mwaye ikuti petulo wacuruka, yoyera mbuu ikucenjeza kuti injini ili pafupi kupsa, yofiirira ndiyo yabwino. Kutaca kozizira ndi masana dzuwa litatentha, jeti yofunika siikhala imodzimodzi.

Amasinthanso magiya a cheni, kuika laling'ono kumbuyo kuti gudumu lizungulire kwambiri. Apa napo pali malire, pakuti akapyoza muyeso injini imalephera kukoka. Mabauti ofunika amawaboola ndi kuwamanga ndi waya kuti angamasuke ndi kunjenjemera. Matayala wamba sagwira nchito pa liwiro lalikulu, cifukwa mphira wake umasupuka ndi kuuluka. Ndipo popeza mcere sugwira tayala monga acitira tara, gudumu lakumbuyo limakonda kuterereka pamalo amodzi. Cotero ena amaika dala zitsulo zolemera pansi pa njinga, cinthu cimene cingadabwitse munthu amene anazolowera kuti wothamanga ayenera kupepuka.

BWANJI OSATHAMANGIRA PA DAMBO LA KAFUE?

Munthu woima kumadzulo kwa tauni ya Kafue, naona dambo lalikulu lija lili see mpaka kumene maso alekezera, angafunse cifukwa cake mipikisano yotere siicitikira pamenepo. Dambolo ndi lalitali makilomita pafupifupi 240 kucokera ku Itezhi-Tezhi, ndipo mtsinje umatsika pang'ono kwambiri pa mtunda wonsewo, ndiye cifukwa cake umangokhotakhota. Koma kusalala kwa m'maso sindiko kusalala kwa gudumu. Dothi lake ndi makande akuda. M'dzinja ndi thope lomeza ng'ombe mpaka m'mimba. M'cilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi, ndipo mapazi a ng'ombe za Aila ndi Atonga amauma gwa ngati njerwa. Pali udzu, pali zulu m'mphepete, ndiponso ndi kwao kwa nyama zochedwa lechwe ndi mbalame zambirimbiri zimene Boma limasunga ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon. Dambo limeneli lili ndi nchito yake kale.

Malo oyenera ngosowa pa dziko lonse. Njinga yonga Ack Attack imafuna njira yoongoka makilomita oposa 15, yopanda dzenje ngakhale limodzi. Ku Bonneville madzi amasefukira m'nyengo yozizira, ndipo akaphwa amasiya mcere wosalala ndi wolimba, umene amausalazanso pokoka zitsulo zolemera ndi magalimoto. Mvula ikalakwa nyengo, zonse zimaima: m'zaka za 2014 ndi 2015 msonkhano waukulu wa caka ndi caka, umene unayamba mu 1949, unalephereka cifukwa ca madzi ndi thope, anthu atakonzeka kale caka cathunthu.

Muno m'Africa malo odziwika ndi Hakskeen Pan, cigwa ca dothi louma kumpoto kwa South Africa, pafupi ndi malire a Namibia ndi Botswana. Kumeneko kunayamba mu 2012 msonkhano wa liwiro wa magalimoto ndi njinga zamoto, ndipo mu November 2019 galimoto ya injini ya ndeke yochedwa Bloodhound inafikako makilomita 1,010 pa ola. Manyuzipepala anachula kwambiri dzina la woyendetsa, Bambo Andy Green. Koma amene anakonza njirayo ndi anthu wamba oposa 300 a m'midzi ya Mier, amuna ndi akazi, amene kwa zaka zingapo anawerama pa dzuwa la Kalahari kutola miyala ndi manja, mpaka inakwana matani oposa 16,000. Pa liwiro lotere kamwala konga nsawawa kamalasa ngati cipolopolo. Mlimi amene anatolapo miyala m'munda asanalowetse pulawo aidziwa bwino nchito imeneyi ndi kuwawa kwake kwa msana.

KUIMA NKOVUTA KOPOSA KUTHAMANGA

Munthu akaona coopsa patsogolo, pamapita pafupifupi sekondi imodzi dzanja lisanagwire buleki. Pa makilomita 100 pa ola, m'sekondi imeneyo njinga yayenda kale mamita 28. Ndipo mtunda woimira nawo umakula monga mphepo ija: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Ack Attack siidalira mabuleki okha. Imaponya kumbuyo cinsalu conga ambulera, cimene amati parachuti, ndipo imafunabe makilomita angapo kuti iime.

Ngakhale zonse zikonzedwe cotere, imfa siikhala patali. Bambo Bill Warner a ku America anafika makilomita 502 pa ola mu 2011 pa njinga yosatsekedwa, yokhalapo pamwamba, pa bwalo lakale la ndeke za nkhondo la Loring. Mu July 2013 anagwa pa bwalo lomwelo namwalira, ali ndi zaka 44. Anali atavala cikopa thupi lonse ndi cipewa colimba, njira inali yotsekedwa, ambulansi ili pafupi. Mnyamata amene amayesa njinga yake pa mseu wa Kafue alibe ciri conse ca zimenezi. Ali ndi mbuzi zodumpha mseu, ana a sukulu, malole olemera, ndiponso kawirikawiri munthu wina kumbuyo amene analipira kuti akafike kwao, osati kuti akaone liwiro. Lamulo la pa mseu la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe avale cipewa colimba, ndipo cipewa copacika pa handulo sicinapulumutsepo mutu wa munthu.

NKHALAMBA YA KU INVERCARGILL

Mwa onse amene anathamangapo pa mcere wa Bonneville, amene amisiri a ku Kafue angamumve ngati mnzao ndi Bambo Burt Munro. Tauni ino, cifukwa ca mafakitale onga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, inaphunzitsa amuna ambiri kusula, kuocerera ndi kupala citsulo pa makina, ndipo amenewo adziwa tanthauzo la kupanga cipangizo ndi manja pamene ca m'sitolo casowa.

A Munro anabadwa mu 1899 kufupi ndi tauni ya Invercargill, kumwera kweni kweni kwa New Zealand, nakulira pa famu. Mu 1920 anagula njinga yatsopano ya Indian Scout, ya 600cc, imene liwiro lake lonse linali makilomita 89 pa ola. Tinjinga tambiri ta masiku ano tingaisiye m'mbuyo. Kuyambira 1926 anayamba kuisintha pang'ono pang'ono, ndipo sanalekenso kwa zaka pafupifupi makumi asanu.

Ndalama analibe, kotero zipangizo zambiri anapanga okha. Mapisitoni anali kuumba mwa kusungunula akale ndi kuthira m'zitini. Mikono yolumikiza pisitoni ndi kirankishafuti anaisema kucokera ku ekiselo ya thirakitala ya Caterpillar, ndi tupa ndi makina akale, nchito ya miyezi. Masilinda ena anawapala kucokera ku mapaipi akale a citsulo. Mavavu, amene poyamba anali m'mbali mwa injini, anawasamutsira pamwamba kuti injini ipume bwino. M'zaka zao zaukalamba anali kugona m'galaji momwemo, bedi lili pambali pa njinga. Injiniyo inaphulika kosawerengeka, ndipo zidutswa zake sanali kutaya: anaziyala pa shelefu, nazicha nsembe zoperekedwa kwa mulungu wa liwiro. Anthu a m'tauni yao ena anali kuwayesa openga, monga zicitikira kuli konse kumene munthu wamkulu amasewera ndi zitsulo.

Kwao anali kuyesera njingayo pa mcenga wa gombe la Oreti, m'mphepete mwa nyanja, pamene mpweya ngwolemera. Pofika ku Bonneville, tsidya lina la nyanja ya Pacific, anayenera kuyambanso kufunafuna jeti yoyenera malo okwera. Mu 1962, ali ndi zaka 63, analembetsa rekodi yao yoyamba kumeneko ya makilomita 288 pa ola. Yaciwiri inadza mu 1966. Mu 1967, injini itakulitsidwa kufika 950cc ndipo njinga yonse itakutidwa ndi cigoba cofiira, analembetsa makilomita 295.453 pa ola m'gulu la njinga zosapitirira 1,000cc, ndipo pa ulendo wina wa njira imodzi anafika 305.89. Iwo anali ndi zaka 68, ndi mtima wodwaladwala. Njinga inali ndi zaka 47. Anaiwirikiza liwiro katatu ndi kupitirira, ndipo wowerenga amene wasunga masamu a mphepo aja aona kukula kwake kwa nchitoyo.

Anamwalira pa 6 January 1978. Mu 2005 anapanga filimu ya moyo wao, The World's Fastest Indian, m'mene Bambo Anthony Hopkins anasewera ngati a Munro. Mu 2014, zaka 36 mwini wake ali m'manda, mwana wao anaona kuti oyesa a mu 1967 analakwitsa masamu potenga capakati ca maulendo awiri aja. Bungwe la njinga zamoto la ku America linabwereza kuwerenga, livomera, nilemba cikalata catsopano ca makilomita 296.26 pa ola.

Njingayo siili m'nyumba ya Boma yosungira zakale. A Munro atadwala sitiroko mu 1977 anaigulitsa kwa bwenzi lao, mwini sitolo ya zitsulo ya E. Hayes and Sons ku Invercargill komweko, ndipo inaikidwa m'kati mwa sitoloyo, pakati pa misomali, mafosholo ndi masipanala, kuti ali yense wodzagula bauti aione kwaulere.